Mpata wa Michesi: Mmene Mawu a Mulungu Anayendera ndi Alendo

Inu a ku Migowi, a ku Chiringa, a kwa Nkhulambe, a kwa Nazombe, a kwa Jenala mpaka kugombe la nyanja ya Chilwa, ndi inu abale athu a kutsidya kwa malire amene wailesi imakupezani ku Milange, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Lero tiyenda m'mbiri. Musatseke wailesi poganiza kuti abusa asanduka aphunzitsi a sitandade 8, ayi. Munthu wosadziwa njira imene Uthenga unadzera pofika pakhomo pake amayamba kuuyesa katundu wa mtundu wake, ndipo akatero amatsekera anzake chitseko.

Nkhani yathu ndi ya mpata umene nonse mumaudziwa, uja uli pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi, umene pamapu amaulemba kuti Fort Lister. Pamenepa padutsa Amang'anja, Ayao, Alhomwe, azungu ndi Amwenye, aliyense ndi chinenero chake ndi kapempheredwe kake. Chimene ndikufuna mugwire lero n'chakuti kuno kwathu Mawu a Mulungu anayenda kwambiri pakamwa pa alendo, anthu amene eni dziko ankawayang'ana ndi diso lachipongwe.

Dzina lake linalipo kale

Tiyambe ndi nthawi imene mzungu anali asanaponde kuno. M'chigwa chino munali Amang'anja, alimi a mapira ndi thonje, osula makasu, ophika mchere cha ku Chilwa. Anthu amenewa ankamudziwa Wam'mwambamwamba. Ankamutchula Mulungu, Mphambe, Chauta, Namalenga. Mvula ikakana, akuluakulu ankapita kukachisi ndi ufa ndi mowa kukathira nsembe, kupempha mizimu ya makolo kuti ikawanenere kwa mwini mvula. Mbiri ya kachisi wa Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, inkamveka kutali. Nanga za Michesi ndani sanamvepo? Mpaka lero agogo amatiuza kuti m'phirimo muli mizimu, kuti ukapeza chakudya chophikaphika m'tchire udye wekha osaitana mnzako. Myao naye ankati Mlungu, Mlhomwe ankati Muluku.

Ndimvereni bwino pamenepa. Amishoni sanabwere ndi dzina la Mulungu m'sutikesi, analipeza kuno. David Clement Scott, amene anayamba kutsogolera mishoni ya Blantyre mu 1881, anatha zaka akutolera mawu a Chimang'anja kwa eni ake, mpaka mu 1892 anatulutsa buku lalikulu lomasulira mawuwo. Pamene Buku Lopatulika lonse linatuluka mu 1922, munalowa mawu ngati nsembe, wansembe, kachisi ndi mzimu, omwe aja makolo ankalankhula pansi pa mtengo wa msolo. Lero mukamaitana Mzimu Woyera m'pemphero, liwu limene mukugwiritsa ntchito ndi la agogo anu, Uthenga unangolidzaza ndi tanthauzo latsopano. N'zimenenso anachita mtumwi Paulo pa Machitidwe 17 mumzinda wa Agiriki. Anayambira pa guwa limene anthuwo anamanga okha, n'kuwatengera kwa Yesu woukitsidwa.

Njira ya magoli

Cha m'ma 1860 zinthu zinasintha. Magulu a Ayao anatsikira kuno kuchokera kum'mawa kwa nyanja ya Malawi, ambiri akuthawa nkhondo ndi njala kwawo. Mafumu ena mwa iwo anali pamalonda ndi anthu a kugombe la nyanja yamchere. Ankapereka minyanga ndi anthu, n'kulandira nsalu, mfuti ndi wonga. Kuzungulira phiri la Mulanje kunamveka mayina a Matipwiri, Mkanda ndi Chikumbu. Mpata wathu uja unasanduka msewu wa akapolo. Amuna m'magoli, amayi ana kumsana, kulowera kum'mawa mpaka ku doko la Quelimane. M'njira zamalonda zomwezo, makamaka zochokera ku Kilwa ndi Zanzibar, munadzeranso Chisilamu, ndi aphunzitsi ake ndi zilembo zachiarabu.

Apa wina asathamange kuloza chala mtundu umodzi kapena chipembedzo chimodzi. Mafumu ena a Amang'anja nawo ankagulitsa anthu. Ndipo ku Quelimane ogula ambiri anali azungu obatizidwa, amene zombo zawo zinatengera anthu athu ku Brazil ndi kuzilumba za Afalansa. Tchimo limeneli linali ndi manja ambiri, ena mwa manjawo ankagwira mtanda Lamulungu.

David Livingstone anaiona nyanja ya Chilwa mu April 1859. Mu 1861 kunabwera amishoni oyamba, a mpingo wa Anglican, motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie, n'kukhazikika ku Magomero, kumadzulo kwa chigwa chathu chino. Ali m'njira, pamudzi wa Mbame, anamasula akapolo 84. Mtima wabwino analinawo ndithu. Koma chinenero sankachidziwa mokwanira, ndale za kuno sankazimvetsa. Anamva mbali imodzi, natenga mfuti kuthandiza Amang'anja kumenya Ayao, natentha midzi, pamene ambiri mwa Ayaowo anali othawa nkhondo ofuna pokhala. Mackenzie anamwalira ndi malungo mu January 1862, ndipo chaka chomwecho mishoni inachoka ku Magomero. Abale anga, changu chopanda kumvetsera chimapha ntchito ya Mulungu. Sungani mawu amenewo, tiwafunanso kutsogoloku.

Amishoni a ku Scotland anatsegula Blantyre mu 1876. Mmodzi wa iwo, Robert Cleland, anapita kukayambitsa ntchito ku Mulanje mu 1890, koma chaka chomwecho anamwalira. Kenaka mu 1891 dziko linalowa m'manja mwa Angerezi pansi pa Harry Johnston, ndipo mu 1893 anamanga linga pampata paja kuti atseke njira ya akapolo. Pakati pa asilikali a Johnston panali Asikh ochokera ku Punjab ku India, anthu a nduwira ndi ndevu zosameta, otsatira chiphunzitso cha Guru Nanak. Tangoganizani! Pansi pa Michesi, phiri la mizimu ya makolo, panakumana Mngerezi wachikhristu, Mmwenye wachisikh, Myao wa malonda a kugombe ndi Mmang'anja wothira nsembe. Matipwiri anagonjetsedwa mu 1895, magoli analeka kudutsa. Zidutswa za lingalo zikadalipo mpaka lero. Koma boma lomwe linatseka njira ya akapolo ndi lomwenso linabweretsa msonkho wa nyumba, n'kuvomereza kuti minda ikuluikulu ikhale ya azungu. Goli linachoka, thangata linalowa.

Obwera kuchokera kum'mawa

Tsopano taonani mmene njira imatembenukira. Mpata umene unkatulutsa anthu kupita kum'mawa unayamba kulandira anthu ochokera kum'mawa. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Alhomwe ochokera kumadera ozungulira phiri la Namuli ku Mozambique anayamba kuwoloka malire mwaunyinji. Ankathawa nkhondo za Apwitikizi, chibalo, msonkho, mbalamatodya ndi njala. Amihavani, Amanyawa, Atakhwani, Akokhola, Amarenje ndi ena, mitolo pamutu, mbewu pang'ono m'kansalu. Kalembera wa 1921 anapeza kuti analipo oposa 120,000 m'dziko muno, ndipo pofika 1945 anali pafupifupi 380,000. Ena anakalowa m'maesiteti a ku Mulanje, Thyolo, Chiradzulu ndi Zomba, kumene malo okhala ankawalipira ndi thangata. Ena anaswa mphanje m'chigwa cha Phalombe chino.

Analandiridwa bwanji? Tinene zoona, ambiri analandiridwa ndi chitonzo. Onse anawaunjikira dzina limodzi loti Anguru, ndipo linkatchulidwa monyoza. Ankawaseka pa zakudya zawo ndi kalankhulidwe kawo, mpaka makolo ena analeka kuphunzitsa ana awo Chilhomwe kuti asamachite manyazi kusukulu ndi kumsika. N'chifukwa chake lero mupeza Mlhomwe weniweni, wakudya kalongonda ndi makaka, koma moni wa chinenero cha agogo ake sangathe kumuyankha. Anthu onyozedwa amenewa ndi amene anadzaza mabenchi a matchalitchi kuno kummwera, kwa a Katolika, kwa a Chalichi cha Scotland, kwa a Baptist ndi kwina. Makolo anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Tiyeni tione kalumoko.

Kufa ndi Bandawe

Ku Blantyre, Scott uja anasankha Aafirika angapo kuti akhale madikoni. Mmodzi anali John Gray Kufa, wochokera kumunsi kwa mtsinje wa Zambezi, mlendonso ameneyo, wophunzira ntchito yachipatala. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 mishoni inamutuma kudziko la Alhomwe ku Mozambique, mankhwala dzanja lino, buku dzanja linalo. Kumeneko anakumana ndi kamnyamata kena, Lewis Mataka Bandawe, amene anafika ku Blantyre mu 1899 kudzaphunzira sukulu.

Mu 1913 mishoni ya Blantyre inatsegula ntchito ku Mihecani, mkati mwa dziko la Alhomwe, ndipo Bandawe anabwerera kwawo ngati mphunzitsi. Anakhalako zaka zambiri akuphunzitsa ndi kumasulira. Cha m'ma 1930 Chipangano Chatsopano chinatuluka m'Chilhomwe, ntchito imene Bandawe anaikhetsera thukuta. Aleluya! Chinenero chimene anthu ankachibisa pamsika chinanyamula Mateyu, Marko, Luka ndi Yohane. Ngati Mulungu sanachite nacho manyazi, iwe ndiwe yani kuti uchite nacho manyazi?

Atabwerera ku Blantyre, Bandawe anagwira ntchito yotanthauzira kubwalo lalikulu lamilandu. Mu 1943 anatsogolera kukhazikitsa bungwe loimira Alhomwe, ndipo boma linavomera kusiya dzina lachipongwe lija m'makalata ake. Mukuona kulumikizana kwake? Munthu amene anaona Mawu a Mulungu atalembedwa m'chinenero cha amayi ake sanathenso kulola kuti anthu ake azitchedwa dzina lonyoza.

Ulendo umene unathera ku Migowi

Pali munthu wina amene njira yake inathera m'boma lathu lino. John Chilembwe, mwana wa ku Chiradzulu, anakumana ndi Joseph Booth, Mngerezi amene anafika kuno mu 1892 kuchokera ku Australia. Anabatizidwa mu 1893, napita naye ku America mu 1897, naphunzira zaubusa ku Lynchburg, Virginia, pasukulu ya anthu akuda. Mu 1900 anabwerera n'kutsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Omuthandiza anali a Baptist akuda a ku America, ana ndi adzukulu a akapolo, monga Landon Cheek ndi Emma DeLany. Taonani chodabwitsa. Anthu amene makolo awo anachoka mu Africa m'maunyolo anabwerera atanyamula Baibulo.

Ambiri mwa akhristu a Chilembwe anali Alhomwe ogwira thangata, makamaka pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene nyumba zawo zopemphereramo zinkatenthedwa. Nkhondo yaikulu ya azungu itayamba mu 1914, Chilembwe analemba kalata yodandaula kuti Aafirika akufera nkhondo yosakhala yawo. Usiku wa 23 January 1915 anthu ake anaukira. Azungu atatu anaphedwa, kuphatikizapo William Jervis Livingstone woyang'anira esitetiyo, ndipo pa 26 January mishoni ya a Katolika ku Nguludi inatenthedwa. Boma linabwezera ndi dzanja lolemera. Tchalitchi cha ku Mbombwe linachiphulitsa, anthu ambiri anaphedwa, ndipo mmodzi wa oweruzidwa kuti aphedwe anali John Gray Kufa yemwe uja. Chilembwe anathawa kulowera ku Mozambique, njira yomwe akhristu ake ambiri anadzera pobwera kuno, koma pa 3 February 1915 asilikali anamuombera cha ku Migowi. Lero chipatala chachikulu cha boma ku Migowi, chimene chinatsegulidwa mu 2022, chili ndi dzina lake.

Sindikuyamikira kukhetsa mwazi, kaya wa mzungu kaya wa munthu wakuda. Koma mbiri imeneyi ikutiphunzitsa kuti ukamuphunzitsa munthu kuti analengedwa m'chifanizo cha Mulungu, kenaka n'kumamugwiritsa ntchito ngati ng'ombe ndi kumutenthera popempherera, ukusonkha moto umene udzakupsereza wekha.

Moto wodza ndi matchona

Nanga ife achipentekoste tinadzera kuti? Mwina mukuganiza kuti tinagwa kumwamba ngati matalala. Ayi, nafenso tinabwera ndi apaulendo. Mu 1906, mumsewu wa Azusa ku Los Angeles, m'nyumba yakale yosaoneka bwino, munayamba chitsitsimutso chotsogozedwa ndi William Seymour, munthu wakuda amene makolo ake anali akapolo. Azungu ndi akuda ankagwada pamodzi, chinthu chimene ku America wa nthawi imeneyo chinali chonyansa kwa ambiri, ndipo manyuzipepala anawanyoza. Mu 1908 John G. Lake ndi Thomas Hezmalhalch anafika nawo uthengawo ku Johannesburg, nayamba misonkhano m'katchalitchi ka anthu akuda ku Doornfontein. Mpingo wa Apostolic Faith Mission unabadwa chaka chomwecho. Koma tisabise, sipanapite nthawi yaitali atsogoleri achizungu anayamba kusiyanitsa ubatizo wa azungu ndi wa akuda. Anthu olankhula malilime anagonja kwa tsankho. Chimenechi chikhale chenjezo kwa ife.

Tsono ku migodi ya ku Joni ndi m'mafamu a ku Rhodesia kunali anyamata a ku Nyasaland, ofuna ndalama ya msonkho ndi ya bulangeti. Kumeneko anamva za ubatizo wa Mzimu Woyera, ena analowa mipingo ya Ziyoni. Pobwerera kumudzi ananyamula njinga, sutikesi ndi pemphero latsopano. Cha m'ma 1930 mipingo ngati Apostolic Faith Mission ndi Assemblies of God inayamba kumera m'midzi ya m'dziko muno, ndipo oyamba kufesa anali Amalawi obwerera kuulendo. Amishoni achizungu a mipingoyi anadzapeza mbewu itamera kale. Pa Machitidwe 2 timamva kuti tsiku la Pentekoste alendo ochokera kumayiko ambiri anamva zazikulu za Mulungu aliyense m'chinenero chobadwa nacho. Mzimu sanawalamule kuti ayambe aphunzira chinenero chimodzi. Iye ndiye anawatsata m'zinenero zawo. Amen!

Mpata sunatsekeke

Inu amene muli ndi zaka zoposa 40 mukukumbukira nkhondo ya ku Mozambique ya pakati pa Frelimo ndi Renamo. Kuyambira 1986 anthu anawolokanso malire mwaunyinji, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Malawi ankasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Ku Chiringa ndi ku Muloza kunali misasa yawo, ena anangolowa m'midzi kwa abale awo. Adzukulu a othawa chibalo anapatsidwa mwayi wolandira othawa zipolopolo. Nkhondoyo inatha pa 4 October 1992 pamene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere ku Rome. Mukudziwa amene anawakhazika pansi? Ena mwa amkhalapakati anali akhristu a gulu la Sant'Egidio la ku Italy, pamodzi ndi Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira. Anali a Katolika, abale, anthu amene ena mwa ife timawanena paguwa ngati kuti Mulungu sangawagwiritse ntchito. Othawa nkhondo atabwerera kwawo, ambiri anatenga nyimbo zachichewa ndi mipingo imene anailowa kuno, nakaibzala kutsidyako.

Tichite nayo chiyani mbiri imeneyi?

Phalombe anakhala boma palokha mu 1998, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo oposa 429,000. Mukafufuza bwino, ndi mabanja ochepa amene agogo awo sanachokere kwina. Nanga bwanji mawu oti obwera akadali pakamwa pathu? Bwanji nthawi ya chisankho ikafika, mpingo umene unkaimba pamodzi umagawikana potsata mtundu? Bwanji mayi wa ku Mozambique akabwera kumsika wa Chiringa kapena pamzere wa kuchipatala timamuyang'ana ngati wadzatilanda?

Abusa anzanga, ndikupempheni zinthu zooneka ndi maso. Ngati mumpingo mwanu muli agogo amene pemphero limawatuluka bwino m'Chilhomwe kapena m'Chiyao, apatseni mpata apemphere momwemo, wina atanthauzire. Posankha akulu a mpingo ndi atsogoleri a amayi, musafunse kuti kwawo n'kuti. Mnansi wanu wachisilamu akakhala pamaliro, pitani mukakhale naye pansi, mulire naye. Umboni wanu udzamveka bwino pambuyo pake kusiyana ndi kumutukwanira pa chimkuzamawu usiku wonse. Ndipo mukaona mwambo umene simukuudziwa, kaya ndi tchopa, gule uja bungwe la UNESCO linamulemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2014, kaya ndi chinamwali, yambani mwafunsa eni ake kuti chimatanthauza chiyani. Chimene chikutsutsana ndi Mawu tidzachikana poyera, popanda mantha. Koma tikane chimene tachimvetsa. Kumbukirani Mackenzie ku Magomero, munthu wa mtima wabwino amene anatentha midzi ya anthu amene anadzawalalikira chifukwa sanafunse.

Achinyamata inu, pitani kwa agogo anu akadali moyo. Afunseni kuti makolo anu anawolokera pati, anabatizidwa ndi yani, Baibulo loyamba m'banja mwanu linabwera ndi ndani. Lembani m'kope. Mudzapeza kuti penapake m'nkhaniyo muli mlendo, mwina tchona wa ku Joni, mwina mphunzitsi wa mtundu wina, mwina mtengwa wa kutsidya amene ankaimba nyimbo za Mulungu akusinja.

Tiyeni tipemphere. Atate wakumwamba, inu amene makolo athu anakutchulani Mulungu, Mlungu ndi Muluku, tikuyamikani chifukwa cha mapazi onse amene anatibweretsera Uthenga. Tikhululukireni chitonzo chimene tachitira alendo. Chiritsani mabala a magoli, a thangata ndi a nkhondo amene akadali m'mabanja mwathu. Dalitsani Phalombe, dalitsani Milange, ndipo mutipatse makutu omva tisanayankhule. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.

Ambuye akusungeni mpaka tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino.